Switchi ya Lachisanu

Area 2, Lilongwe
15 Sepitembala 2024

Okondedwa achimwene Rahim,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Sumayya ndi ana. Ife kuno tili bwino, Alhamdulillah, kupatula bondo langa lija lomwe silifuna kuti ndiziponda makina m'mawa. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale. Uthenga wa mawu pafoni amanditumizira ndi mwana wanga Suhaila, foni amagwira ndi iye pamene ine ndikulankhula, ndiye pali zina zomwe sindinganene iye ali pompo. Kalatayi ndapatsa Abdulwahab wa pa basi kuti akupatseni pamanja. Zilembo zanga mukuzidziwa, za sitandade folo. Mukapeza mawu opindika muwawongole nokha.

Achimwene, khalani pansi kaye. Tapeza oda! Oda ya ukwati wa ku Area 43! Madiresi khumi ndi awiri a operekeza mkwatibwi, malaya asanu ndi limodzi a anyamata, ndi zovala za makolo a mbali zonse ziwiri. Chiyambireni utelala sindinagwirepo ntchito yotere. Ndikulemba chonchi ndili ndi chimwemwe komanso mantha a mmene tinaipezera, chifukwa panatsala pang'ono kuti ine ndemwe ndiitaye.

Mukukumbuka zomwe tinagwirizana pa Idi ija. Suhaila ananena kuti ayesa mpaka kutha kwa Sepitembala. Ngati zojambula zake za madiresi sizibweretsa oda yaikulu pa shopu pano, abwera kwanuko ku Joni kudzagwira ntchito m'sitolo ya alamu. Ine ndinavomera ndi pakamwa pokha. Chimwalirireni amayi ake, mkazi wanga a Tausi, amene amatsegula nane chitseko cha shopu m'mawa ndi iyeyu. Sindinakuuzeni, koma tsiku lililonse ndinkayang'ana pa kalendala n'kumawerenga masiku otsala.

Mwezi watha kunabwera mayi wina kudzafupikitsa mathalauza a amuna awo. Dzina lawo ndi Mayi Phyllis, kwawo ndi ku Rumphi, amagwira ntchito ya boma ku Capital Hill. Anapeza Suhaila akujambula diresi pa laputopu munatumiza ija, ndipo anaima kumbuyo kwake nthawi yaitali. Kenako anati mwana wawo Joy akukwatiwa mu Novembala. Anati, "Undijambulire zovala za ukwati wonse. Ubwere nazo kunyumba Lachisanu pa 6 Sepitembala, folo koloko. Loweruka m'mawa ndikupita ku Rumphi kukauza akomiti ya ukwati telala amene ndasankha. Pali wina wa ku City Centre wandionetsa kale zake. Ndipo folo koloko yanga ndi folo koloko, mwamva a telala?" Ine ndinangoti tamva, amayi. Wa ku City Centre ameneyo shopu yake ndi ya magalasi okhaokha. Yathu mukuidziwa, denga lake ndi lodontha lomwe lija.

Mwanayu anajambula milungu itatu. Zonse zinali mu laputopu, sanazisunge pena paliponse.

Apa ndiulule chinthu choyamba. Batire la laputopu ija linafa chaka chatha. Imagwira ntchito pokhapokha chingwe chili ku magetsi. Mukangozula, imazima nthawi yomweyo ngati kandulo. Sindinakuuzeni poopa kuti muganiza kuti sitinaisamale.

Lachisanu lija litafika, cha m'ma leveni, Suhaila anayatsa laputopu kuti akopere zojambulazo mu fulashi, kachinthu kosungiramo kaja konga chala. Asanayambe n'komwe, sikirini inasanduka yabuluu n'kuyamba kuwerenga manambala. Ndinafunsa kuti yatani. Anati, "Ndi apudeti ababa, ikulandira zatsopano n'kudzikonza yokha. Yasankha tsiku loipa, koma imaliza." Kenako anandiyang'ana m'maso. "Ndikupita kumasitolo kukatenga tizidutswa ta nsalu tokawaonetsa mitundu. Musaigwire. Musaitseke, musaisunthe, musazule chingwe."

Ndinati, "Ine ndiigwirenji? Ndimaiopa kuposa galu."

Anaseka n'kutuluka. Ine ndinkasoka kolala ya munthu uku diso lili pa manambala. 18. 24. 30. Pa 30 inakhalitsa, ine n'kumadandaula kuti kodi yatopa. Ndinathamangitsa ngakhale ntchentche yomwe inatera pa sikirini.

Ndiye azana, kuitana kwa ku mzikiti, inamveka.

Achimwene, inu mukudziwa za moto uja wa mu shopu ya a Shabir, pamene anaiwala simbi ili yoyaka n'kupita ku mapemphero a Juma, masuti a anthu onse n'kupsa. Kuyambira tsiku limenelo, Lachisanu lililonse ndisanakhome chitseko ndimatsitsa switchi yaikulu ili kuseri kwa chitseko, yozimitsa shopu yonse. Zaka makumi awiri ndikuchita zimenezi. Dzanja limapita lokha, mutu sudziwa n'komwe. Ndinavala kanzu ndi kofia, ndinatsitsa switchi, ndinakhoma maloko, ndinawakokanso kawiri monga mwa masiku onse, n'kumapita ku mzikiti mtima uli mbee. Laputopu sindinaigwire, Mulungu ndi mboni. Chingwe sindinazule.

Ndinakumbukira za laputopu ndili pa mzere woyamba, shehe ali pakati pa ulaliki. Musandifunse zomwe analalikira tsiku limenelo. Kutuluka sindikanatha, kumbuyo kwanga kunali mizere ya anthu mpaka pakhomo. Titangopereka salamu yotsekera mapemphero ndinadzuka n'kuthamanga, bondo loipalo n'kuliiwala. Ndinafika pa shopu ndi patapata mmodzi wanga, wina wa munthu wina. Ndinakabweza madzulo ake.

Ndinakweza switchi, ndinadina batani monga ndimamuonera Suhaila. Sikirini inawala. Panabwera timadontho toyera tozungulira ngati nyerere pa mbale ya shuga. Tinazungulira, tinazungulira, kenako tinangoima. Basi. Ndinadikira. Ndinaiuzira mpweya. Ndinaiwerengera Bismillah. Timadontho tili chiimire.

Suhaila analowa hafu pasiti wanu ndi jumbo ya tizidutswa, akuimba. Atayang'ana sikirini nyimbo inathera pakhosi.

"Ababa, mwaigwira?"

"Sindinaigwire mwanangu." Chimenecho chinali choona.

"Nanga magetsi anazima?"

Achimwene, ndikuchita manyazi kulemba. Ndinati, "Eya, anazima pang'ono." Bodza, Lachisanu, madzi a udhu, osamba tisanapemphere, asanaume n'komwe kumaso. Pamene ndinkanena zimenezi n'kuti wailesi ya a Chikaonda, ometa tsitsi a khomo loyandikana nafe, ikulira ngati pa msonkhano.

Anazula fulashi ndi mbewa ija yoyendetsera, anati nthawi zina zimenezi zimaisokoneza poyaka. Anaizimitsa, anaiyatsanso. Timadontho tinazungulira n'kuimanso pomwe paja. Anadikira mphindi khumi akuyang'ana wotchi. Chimodzimodzi. Akanalira zikanakhala bwino. Iye anangokhala pa mpando wa amayi ake, manja pamutu, n'kunena motsitsa, "Milungu itatu ili m'menemu." Kenako anawonjeza, "Mwina Mulungu akufuna ndipite ku Joni basi."

Mawu amenewo anandidzutsa. Ndinati nyamula, tiyeni kwa Frazer.

Frazer ndi wokonza mafoni ndi makompyuta ku Malangalanga, kakontena kake kali pakati pa ogulitsa matayala ndi ogulitsa mapoto. Ndinamusokera suti ya ukwati wake. Tinadutsa m'chigulu cha anthu, ine patsogolo kutsegula njira, Suhaila atakumbatira chikwama ngati khanda. Titafika inali thu koloko yapitirira.

"Madala!" anatero Frazer. "Mwayamba makompyuta? Makina a Singa atha mafuta?"

"Usaseke iwe Frazer, pano pali maliro."

Anailumikiza ku magetsi, anayang'ana timadontho, anagwedeza mutu. "Iyi inazima ili pakati pa apudeti. Yameza theka, theka lili pakhosi. Sabata ino ndalandira zitatu zoterezi. Njira yachidule ndi kuifomata. Ola limodzi ikhala ngati yatsopano."

Ine ndinasangalala. Ndinati fomata msanga, mwana wanga. Suhaila anandigwira mkono.

"Ababa, kufomata ndi kufufuta zonse. Zojambula zanga, zithunzi za amayi, zonse."

Taonani, ndikanawononga ntchito ya mwana kachiwiri pa tsiku limodzi! Ndinati Frazer, ukaifomata ndidzakusokera thalauza la mwendo umodzi.

Frazer anaseka mpaka kutsamira mapoto a eni ake. Kenako anati, "Ilipo njira ina, koma imafuna mtima. Tiiyatsa. Timadontho tikangoyamba, tidina batani osasiya mpaka izime. Tichita choncho katatu. Ikaona kuti yakanika kudzuka katatu, imadziwa yokha kuti ikudwala, ndiye imatsegula khomo lina la kuchipatala. Tikalowera kumeneko tikachotsa apudeti yotsamwayo, zinthu za achemwali zikhala momwemo."

Ndinati, "Kuizimitsa ili pakati? Si zomwe zaipha zimenezo?"

"N'zomwezo madala. Koma pano tizimitsa mwadala."

Anatambasula dzanja kuti adine, koma Suhaila anamuletsa. Anati, "Achimwene Frazer, apatseni ababa batanilo. Pa nkhani yozimitsa, Area 2 yonse palibe angawapose."

Achimwene, ndinamuyang'ana. Nkhope yake sinkaonetsa kanthu. Kodi akudziwa? Kodi akungoseka za chizolowezi changa? Koma ndinaika chala pa batani. Koyamba, timadontho, kudina, kuwerenga mpaka teni, phi. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu chala chinaterereka ndi thukuta, Frazer anati ndipukute pa kanzu ndiyambirenso. Titayatsa kachinayi, pansi pa timadontho panabwera mawu achizungu omwe kale panalibe, kenako sikirini yonse inasanduka yabuluu ndi timabokosi.

"Ndi limeneli khomo lija!" anafuula Frazer. Ogulitsa matayala anabwera kudzasuzumira. Ine ndinafuula nawo, osadziwa chomwe ndikuona.

Frazer ndi Suhaila anasankha bokosi ili, kenako lina, mpaka anapeza lochotsera apudeti yomaliza. Anadina. Timadontho tinayambanso kuzungulira, koma ulendo uno sitinaime.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa Suhaila.

"Mphindi fote. Kapena ola. Imadziwa yokha. Ndipo popeza batire ndi lakufa, pano siichoka mpaka imalize. Mukaizula tsopano, ndiye ndi maliro enieni. Madala, pempherani magetsi asazime."

Wotchi inkati teni pasiti fili. Suhaila anaimbira Mayi Phyllis kawiri, foni osayankhidwa. Anayang'ana laputopu, anayang'ana ine, anayang'ana tepi yoyezera yomwe imakhala m'khosi mwanga ngakhale pa kanzu.

"Ababa, tsogolani inu. Folo koloko ikupezeni pa geti. Kawayezeni."

"Ndikawayeze? Sanatipatse oda!"

"Kawayezeni pang'onopang'ono. Ine ndikupezani."

Inu mukudziwa kuti chibadwireni sindinakwerepo njinga yamoto. Ndimati ndi bokosi la maliro la matayala awiri. Tsiku limenelo ndinakwera. Ndinamugwira wakabaza m'chiuno mpaka anati, "Madala, ndipumeko." Pa mlatho wa Lilongwe ndinatseka maso. Kofia ndinailuma ndi mano kuti isauluke. Tinadutsa City Centre ine ndikuwerenga masura a Kurani onse omwe ndimawadziwa, ena kawiri. Ku Area 43 misewu ili zii, mipanda italiitali, nyumba zonse zofanana mageti. Tinasochera kamodzi, anatilozera ndi mayi wina wantchito amene amaweruka wapansi. Ndinagogoda pa geti kutatsala mphindi zitatu kuti folo ikwane.

Mayi Phyllis anandilandira pakhonde atavala magalasi. Anayang'ana kumbuyo kwanga.

"A telala, mwana ali kuti?"

"Akubwera, amayi. Ine ndatsogola kudzayeza."

"Kuyeza? Ndakuuzani kuti ndakusankhani?"

"Kuyeza n'kwaulere, amayi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, koma anandilowetsa. Pabalaza pawo mungaikepo shopu yathu katatu. Ndinavula patapata pakhomo ngakhale anati ndisavule. Amuna awo, a Ezekiel, anali pampando akuwerenga nyuzi, munthu wamkulu thupi, wanthabwala. Ndinayamba ndi iwowo.

Achimwene, munthu mmodzi ndimamuyeza mphindi zitatu. A Ezekiel ndinawayeza mphindi makumi awiri. Phewa, mkono, chifuwa, msana. Ndinalemba m'kope pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wanu. Nditafika pamimba anakoka mpweya.

"Pumani, bwana."

"Ndikupuma. Lembani 36. Suti yomwe ndinakwatira nayo inali 32."

"Tepi ikuti 44, bwana."

"Tepi yanu ndi ya ku Old Town, yafupika ndi dzuwa."

Joy, mkwatibwi uja, anaseka mpaka kugwetsa foni. Ine ndinabwereranso ku phewa. Nditazunguliza tepi m'khosi mwawo kachitatu, a Ezekiel anati, "A telala, khosi ili mwaliyeza katatu. Mukusoka kolala kapena mukufuna kundimangirira pa mtengo?"

Akazi pa shopu amawayeza ndi Suhaila, ine ayi. Ndiye ndinapereka tepi kwa Joy kuti ayeze amayi ake, ine ndikuwauza poyika. Zimenezi zinandithandiza, chifukwa anakangana pa nambala iliyonse. Koma zonse zili ndi mathero. Itakwana twente tu faifi, Mayi Phyllis anapinda tepi bwinobwino, anandipatsa m'manja, n'kukhala pansi.

"Abambo, ine ndimagwira ntchito ndi anthu ochedwetsa zinthu tsiku ndi tsiku. Ndimawadziwa. Zojambula zilipo kapena palibe?"

Pakamwa panga panali pokonzeka kunena kuti mwana wachedwa ndi minibasi. Koma bodza lachiwiri pa Lachisanu limodzi linandikanika. Ndinawauza zonse. Za batire, za apudeti, za moto wa kwa a Shabir, za switchi, za patapata wa eni ake. Ndinawauzanso kuti mwana ndamunamiza kuti magetsi anazima okha. Ndinati, "Amayi, mwanayo ntchito yake waigwira. Wolakwa ndi ine. Mukamukana, mukhala mwakana dzanja langali, osati zojambula zake. Ndipo akapanda kupeza oda iyi akupita ku Joni."

Kenako a Ezekiel anayamba kuseka chapansipansi, mimba ya 44 ija ikugwedezeka. Mayi Phyllis sanaseke. Anati, "Munthu amene amazimitsa shopu yonse kuti nsalu za eni ake zisapse, nsalu zanga ndingathe kumusiyira. Koma sindisankha chinthu chomwe sindinachione. Faifi koloko ndikunyamuka kupita ku kwaya. Mwana akafika ndisanatuluke pa geti, ndiona. Akapanda kufika, ndikauza akomiti za wa ku City Centre."

Anandipatsa tiyi. Sindikudziwa ngati munali shuga. Maso anga anali pa wotchi ya pakhoma, makutu ku msewu. Galimoto iliyonse yodutsa ndinkadzuka. Kota tu. Teni tu. Mayi Phyllis analowa kuchipinda, anatuluka atavala yunifomu ya kwaya, makiyi a galimoto ali m'manja. Ndinayamba kuganiza za basi ya Abdulwahab, za chikwama cha Suhaila, za ine ndekha ndikutsegula chitseko cha shopu.

Ndiye kunja kunamveka pipiii! Njinga yamoto!

Suhaila analowa akuthamanga, mpango utapotoka, fumbi mpaka m'nsidze. Anagwada pang'ono kupereka moni n'kufunsa, "Amayi, soketi ili pati?" Joy anazula nyale ya pakona n'kumupatsa malo. Anadina batani. Timadontho tinabwera.

Achimwene, anthu asanu akuluakulu tinaunjikana pa kasikirini kamodzi. Timadontho tinazungulira kamodzi. Kawiri. A Ezekiel anati, "A telala, manja kumbuyo." Ndinaikadi manja kumbuyo. Katatu. Kanayi. Kenako timadontho tinasowa, sikirini inada bii, ndipo ndinati basi yafa. Mwadzidzidzi inawala, n'kuonetsa chithunzi chija cha a Tausi ataima pakhomo pa shopu ndi sizasi m'manja.

Ndinafuula Allahu Akbar m'nyumba ya eni ake! A Ezekiel anati aleluya! Tonse tinaseka ngati ana.

Suhaila anayamba kuonetsa. Ine zojambulazo ndinkaziona tsiku ndi tsiku pa shopu, koma tsiku limenelo ndinaziona ngati koyamba. Pa diresi lachitatu, lobiriwira lokhala ndi chitenje m'chiuno ndi m'mikono, Joy anakuwa, "Mama, ndi limeneli! Ndi limeneli!" Suhaila anatulutsa tizidutswa tija n'kumayala patebulo, uku akufotokoza kuti nsalu iyi imagwa chonchi, iyi siitentha mu Novembala. Analankhula ngati munthu wobadwira m'maofesi. Ine ndinangoima pakona n'kumadzifunsa kuti kodi mwana ameneyu ndi wanga ndithu?

Mayi Phyllis anayang'ana wotchi. Inali twente pasiti faifi. Anaika makiyi patebulo n'kunena kuti, "Kwaya iimba popanda ine lero. Bwereza la amayi a mkwati lija." Atamaliza kuona zonse anati, "Yewo, mwana wanga. Oda ndi yanu. Miyezo ya abambo awa muli nayo kale yokwanira masuti atatu."

Pobwerera tinakwera minibasi. Ndinati njinga yamoto kamodzi pa moyo n'kokwanira. Suhaila anandiuza kuti laputopu inatseguka kwa Frazer itadutsa hafu pasiti folo, ndipo chinthu choyamba chomwe anachita n'kukopera zonse mu fulashi, Frazer ataima pambali ngati wapolisi. Za switchi sananene kanthu. Inenso sindinanene. Sabata yonse tinadula nsalu limodzi, tinaseka, tinalandira operekeza kudzayezetsa, koma nkhani ija inali pakhosi panga ngati apudeti ya Frazer, theka lomeza, theka ayi.

Dzana, Lachisanu, azana itamveka, ndinavala kanzu ndi kofia. Dzanja linapita lokha kuseri kwa chitseko. M'malo mwa switchi linagwira nsalu. Nditayang'ana, ndinapeza kathumba kosokedwa bwino ndi chidutswa chobiriwira cha madiresi a Joy, katavekedwa pa switchi. Pamwamba pake anapetapo ndi ulusi woyera mawu akuluakulu oti ine ndithe kuwerenga: ABABA, FUNSANI KAYE.

Suhaila anali pa tebulo akudula mkono wa diresi, osadzutsa mutu.

Ndinati, "Mwanangu, ndizimitse?"

"Zimitsani ababa, ndaitseka kale."

Ndinaima pamenepo dzanja lili pa kathumba. Kenako ndinati, "Sabata yatha magetsi sanazime."

"Ndikudziwa," anatero. "Wailesi ya a Chikaonda sinasiye kulira. Komanso ine ndinabadwa switchi imeneyo mukuitsitsa kale. Woiwala kuti linali Lachisanu ndi ine." Sizasi inapitiriza kudula. "Fulumirani, mukapeza mzere woyamba wadzaza. Ndipo mubwere ndi patapata wanu yemwe."

Ndinapita ku mzikiti ndikupukuta m'maso, anthu n'kumaganiza kuti ndi fumbi la Sepitembala.

Tsopano pempho langa, achimwene. Munanena kuti kutha kwa mwezi uno mutumiza tikiti ya basi ya Suhaila. Chonde musatumize. Mayi wina wa kwaya ya Mayi Phyllis waimba kale foni kufunsa za ukwati wa mu Disembala, ndipo Suhaila akuti tifunika makina achiwiri. M'malo mwa tikitiyo, ngati n'kotheka, mutigulire batire la laputopu. Frazer walemba nambala yake pa kapepala komwe ndamata kumapeto kuno. Akuti kuno amapezeka koma ambiri ndi achinyengo. Mumupatse Abdulwahab, ndipo mumuuze asaliike pafupi ndi injini, ndamva kuti limatupa likatenthedwa. Alikulunge m'nsalu. Asalikhalirenso.

Ndikuda nkhawa pang'ono ndi madiresi khumi ndi awiriwa, chifukwa operekeza awiri akuti akuchepetsa thupi ndipo miyezo isintha. Ndikudanso nkhawa ndi mvula ikayamba msanga, denga lija. Koma Suhaila akuti ndisiye kudandaula, ndizingosoka.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sumayya. Muwapepesere kuti chipinda chomwe anakonzera mwana chikhala chopanda munthu, ndipo muwathokoze chifukwa cha mtima wawo. Ndikudziwa kuti munkafuna kundipeputsa katundu. Koma achimwene, katundu ameneyu ndi amene amandichirikiza. Moni kwa ana onse. Suhaila akupereka moni, ngakhale sakudziwa kuti ndalemba zonsezi. Mawa Lolemba titsegula shopu seveni koloko, iye loko wapamwamba, ine wapansi, monga mwa masiku onse.

Allah akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Sefu